Kodi Mankhwala Afikadi Pachotupa? Utoto Wowala pa Kafukufuku wa Khansa ya M'mawere

Mayi wodwala khansa ya m'mawere akalandira mankhwala okwera mtengo kwa miyezi ingapo koma chotupa n'kumakulabe, madokotala amanena kuti khansayo sikumva mankhwala. Mawuwa ndi oona, komabe amaphimba zinthu ziwiri zosiyana kwambiri. Mwina mankhwalawo anafikadi pa maselo a khansa koma maselowo anapeza njira yopulumukira. Mwinanso sanafike n'komwe: anazungulira m'magazi, ena anathera m'chiwindi, ena anaunjikana m'mbali mwa mitsempha, ndipo mkati mwa chotupa munatsala maselo amene sanakhudzidwe. Zikakhala zoyambazo, pamafunika mankhwala ena. Zikakhala zachiwirizo, mankhwala omwewo akhoza kuthandiza ngati mulingo kapena kaperekedwe kake katasinthidwa. Kwa zaka zambiri panalibe njira yabwino yosiyanitsira ziwirizi, chifukwa kuyeza magazi kumangotiuza za m'magazi basi. Masiku ano ofufuza amamatirira utoto wowala pa mankhwalawo n'kuwalondola ndi makamera apadera mpaka kuona selo limene afikapo ndi limene alilambalala. Ine ndikuona kuti phindu lalikulu la luso limeneli lili pa kuyankha funso loti mankhwala afika pati, ndipo funsoli liyenera kufunsidwa pa mankhwala aliwonse atsopano a mtunduwu asanapatsidwe kwa amayi masauzande. Koma pali zifukwa zomveka zimene ena amakayikira lusoli, ndipo zina mwa izo sizinayankhidwebe.

Nkhaniyi inayamba ndi puloteni yotchedwa HER2, imene imakhala pakhungu la selo n'kumaliuza kuti lizikula ndi kugawikana. Mu 1987, Dennis Slamon ndi anzake a pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles anaonetsa kuti amayi amene zotupa zawo zili ndi HER2 wochuluka mopyola muyeso amabwereredwa ndi matenda msanga ndipo amamwalira msanga. Lero tikudziwa kuti mtundu umenewu umapezeka mwa odwala 15 mpaka 20 pa 100 aliwonse a khansa ya m'mawere. Kampani ya Genentech inapanga antibody, ndiye kuti puloteni yofanana ndi imene chitetezo cha m'thupi chimapanga pofuna kugwira mdani mmodzi yekha, yoti izikagwira HER2. Mankhwalawo ndi trastuzumab, amene amagulitsidwa m'dzina la Herceptin, ndipo bungwe la FDA la ku America linawavomereza mu 1998. Anasintha moyo wa amayi ambirimbiri, ndipo palibe amene angatsutse zimenezo. Komabe chiyambire pomwepo panali amayi amene zotupa zawo zinali ndi HER2 wambiri koma mankhwalawo sanawathandize, ndipo enanso anathandizika kwa kanthawi chabe.

Kuti timvetse chifukwa chake kufika pachotupa kuli kovuta, tiyenera kukumbukira kuti antibody ndi chinthu chachikulu. Imalemera kuposa mankhwala wamba a khansa ka mahandiredi angapo, choncho imatuluka mumtsempha movutikira ndipo imayenda pang'onopang'ono pakati pa maselo. Rakesh Jain wa ku Harvard wakhala akuonetsa kwa zaka zambiri kuti mitsempha ya m'chotupa ndi yokhotakhota, yodontha, ndipo madzi a mkati mwa chotupa amakhala opanikizika moti amakankhira zinthu kunja m'malo mozikokera mkati. Pa mankhwala onse amene wodwala walandira pa dripi, amene amafika pa galamu imodzi ya chotupa sakwana n'komwe gawo limodzi pa magawo 1,000. Ndiye pali vuto lina lodabwitsa limene John Weinstein ndi anzake a ku National Institutes of Health analongosola cha m'ma 1990. Antibody ikakhala yogwira mwamphamvu, ndipo maselo akakhala ndi HER2 wambiri, maselo oyandikana ndi mtsempha amagwira yonse imene yatuluka n'kuimeza, moti a patsogolo salandira kanthu. Alimi a m'madimba othirira ndi ngalande amazidziwa bwino zimenezi: madzi akachepa, wa kumutu kwa ngalande amathirira mpaka kukhuta pomwe wa kumapeto mbewu zake zikufota. Ndiye kuti chinthu chomwecho chimene chimachititsa chotupa kukhala choyenera mankhwalawa, kuchuluka kwa HER2, chimathanso kulepheretsa mankhwalawo kulowa mkati.

Poyamba zimenezi zinali masamu a papepala. Utoto wowala ndi umene unazionetsa ndi maso. Kachitidwe kake ndi kotere: utotowo ukauunika ndi kuwala kwa mtundu wina, umabweza kuwala kwa mtundu winanso, ndipo kamera yokhala ndi sefa imatola kuwala kobwezedwako kokha. Ofufuza amakonda utoto wowala pa mlingo wa ma nanomita 700 mpaka 900, umene maso a munthu sauona bwino, chifukwa magazi ndi madzi a m'thupi sameza kwambiri kuwala kotereku ndipo minofu payokha siwala kwenikweni pamenepo. Mu 2008, gulu la Andrew Minchinton ku Vancouver linafalitsa zithunzi za zotupa zokhala ndi HER2 wambiri zomera m'mbewa za mu labotale, ndipo zinaonetsa trastuzumab ataunjikana mozungulira mitsempha ina pomwe mitsempha ina yoyenda magazi bwinobwino inalibe mankhwala pambali pake. Mu 2010, Ian Tannock ndi mnzake ku Toronto anapezanso kuti mankhwalawa amachepa pamene ukutalikira mtsempha, ndipo amavutika kufika m'zigawo zoperewera mpweya wa okosijeni. Munthu akaona zithunzi zoterezi, amasiya kuganiza za chotupa ngati thumba limodzi limene mankhwala amangodzazamo. Amayamba kuona kuti maselo awiri otalikirana ndi kampata kochepa kuposa milimita imodzi akhoza kulandira milingo yosiyana kotheratu.

Vutoli linakula pamene kunabwera mankhwala a mbadwo wachiwiri, amene antibody imanyamula poizoni wamphamvu n'kukamutula mkati mwa selo. Oyamba pa khansa ya m'mawere anali trastuzumab emtansine, odziwika kuti T-DM1 kapena Kadcyla, amene anavomerezedwa mu 2013. Popeza anyamula poizoni, sangaperekedwe ochuluka: mulingo wake ndi mamiligalamu 3.6 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa masabata atatu alionse, pomwe trastuzumab wopanda poizoni amaperekedwa mamiligalamu 6 pa kilogalamu atayamba ndi 8. Mulingo wochepa umatanthauza kuti antibody zochepa zimatuluka mumtsempha, ndipo zochepazo zimathera pa maselo oyambirira. Greg Thurber ndi ophunzira ake pa yunivesite ya Michigan anayesa chinthu chimene poyamba chimamveka ngati chopanda nzeru. Anasakaniza T-DM1 ndi trastuzumab wopanda poizoni, amene amalimbirana naye malo omwewo pa HER2. Munthu angayembekezere kuti mankhwala asukuluka. Koma zithunzi za utoto wowala zinaonetsa kuti wopanda poizoniyo amadzaza malo ena a pafupi ndi mtsempha, ndiye wonyamula poizoni amakakamizika kupitirira kulowa mkati. Selo lililonse linalandira poizoni wocheperapo, koma maselo ambiri analandira wokwanira kuwapha, ndipo mu lipoti lawo la mu 2018 zotupa za mbewa zinachedwa kukula kuposa pamene T-DM1 anaperekedwa yekha. Maselo amene anagwiritsa ntchito pa kuyesako anali a khansa ya m'mimba yokhala ndi HER2 wambiri, osati ya m'mawere, ndipo zimenezi ziyenera kutichenjeza. Komabe mfundo yake ndi yolemera: popanda kuona kumene mankhwala akupita, palibe akanaganiza zoti kuwonjezera wopikisana naye kungathandize.

Mbewa si mayi, ndipo mbiri ya kafukufuku wa khansa yadzaza ndi mankhwala amene anachiritsa mbewa n'kulephera mwa anthu. Chotupa chobzalidwa pansi pa khungu la mbewa yopanda chitetezo chimakula m'masabata ochepa, pomwe cha m'bere chimatenga zaka, chili ndi minofu yolimba yoyangayanga komanso maselo a chitetezo. Chimene chimandichititsa kuti ndisalitaye lusoli ndi chakuti linadutsa kale malire amenewa. Mu 2011, Gooitzen van Dam wa ku Groningen ku Netherlands, mogwirizana ndi Vasilis Ntziachristos wa ku Munich, anachita opaleshoni yoyamba mwa anthu yogwiritsa ntchito utoto wolondola chotupa, pa amayi a khansa ya m'thumba la mazira. Kenako gulu la ku Groningen linatembenukira ku khansa ya m'mawere, n'kumatirira utoto wotchedwa IRDye800CW pa antibody ya bevacizumab. Mu lipoti la mu 2017, amayi 20 analandira mamiligalamu 4.5 okha kutatsala masiku atatu kuti achitidwe opaleshoni, ndipo chotupa chitachotsedwa, chinadulidwa m'zidutswa n'kujambulidwa kuyambira pa chidutswa chonse mpaka pa maikulosikopu. Ku Stanford, gulu la Eben Rosenthal linachita zofanana pogwiritsa ntchito antibody ya panitumumab pa odwala khansa ya m'kamwa ndi pakhosi, ndipo mu 2020 linaonetsa kuti odwala amene anayamba alandira antibody yopanda utoto anali ndi kufalikira kwabwinoko kwa yautotoyo mkati mwa chotupa. Zimene zinaoneka m'mbewa ku Michigan zinaonekanso m'minofu ya anthu ku California. Chochititsa chidwi china n'chakuti bevacizumab ndi mankhwala amene FDA inawachotsera chilolezo cha khansa ya m'mawere mu 2011 chifukwa sanatalikitse moyo, koma akhalabe othandiza ngati chounikira. Zimenezi zikutikumbutsa kuti kufika pachotupa ndi kuchiritsa ndi zinthu ziwiri, ndipo ndibwereranso ku mfundoyi.

Chotsutsa choyamba chimachokera kwa akatswiri a kapangidwe ka mankhwala, ndipo ndi chosavuta kumva: ukamata utoto pa antibody, wapanga chinthu china, ndiye ukutsatira chinthu chinacho osati mankhwala enieni. Zimenezi n'zoona ndipo zinayesedwa. Ofufuza a ku Amsterdam anapeza mu 2011 kuti utoto wa IRDye800CW ukachuluka pa antibody imodzi, chiwindi chimaikoka mwamsanga. Gulu la ku Michigan linapezanso mu 2017 kuti mtundu wa utoto ndi kuchuluka kwake zimasintha liwiro limene antibody imachokera m'magazi, ndipo linalangiza kuti utoto uzichepa kwambiri, moti antibody zambiri zizikhala zopanda utoto ndipo zokhala nawo zizikhala ndi umodzi wokha. Choncho vutoli lili ndi mankhwala ake, bola ofufuza azinena poyera kuchuluka kwa utoto umene anamata ndi kuonetsa kuti yautotoyo ikuyenda m'magazi mofanana ndi yopanda utoto. Lipoti limene silinena zimenezi siliyenera kukhulupiriridwa ngakhale zithunzi zake zitakongola bwanji.

Chotsutsa chachiwiri ndi chovutirapo. Kuwala sikutanthauza kuti antibody idakali yamoyo pamalopo. Selo likaimeza limaiphwanya, koma utoto wina umatsekeredwa mkati n'kumawalabe kwa masiku, pomwe wina umatuluka n'kuzimiririka. Ndiye chithunzi chomwecho chikhoza kutanthauza zimene zili pakhungu la selo panopa kapena zonse zimene selo lameza chiyambire. Kuwonjezera apo, mulingo wochepa umene umaperekedwa pofuna kujambula suyenda ngati mulingo wochiritsira. Taona kale kuti kulowa mkati kumadalira kuchuluka kwa mankhwala. Mamiligalamu 4.5 sangatiuze mwachindunji za mamiligalamu mahandiredi angapo amene wodwala amalandira pochiritsidwa, ndipo amene angatenge chithunzi cha mulingo wochepa n'kunena kuti mankhwalawa salowa m'chotupa akhoza kutaya mankhwala abwino. Yankho langa ndi lakuti kafukufuku wofuna kudziwa kumene mankhwala amafika ayenera kusakaniza yautoto pang'ono mu mulingo weniweni wochiritsira, monga momwe a ku Stanford anayambira kuchitira, ndipo pambuyo pake minofu yomweyo iyezedwe ndi njira ina yosadalira kuwala kuti manambala atsimikizirike. Ntchito yotere ndi yotopetsa ndipo imadya ndalama, koma popanda iyo zithunzizo ndi zokongoletsa magazini chabe.

Palinso malire amene luso lililonse silingawachotse, chifukwa ndi a chilengedwe cha kuwala. Ngakhale kuwala kosankhidwa bwino kumalowa mamilimita ochepa m'minofu, mwina mpaka sentimita imodzi, kenako kumabalalika. Koma khansa ya m'mawere imapha ikafalikira ku mafupa, chiwindi, mapapo ndi ubongo, kumene kamera ya utoto singaone. Apa otsutsa amaloza njira ina, yomatirira zirconium-89, chinthu chotulutsa cheza, pa trastuzumab n'kujambula thupi lonse ndi makina a PET. Njirayi inayesedwa mwa odwala ku Groningen komweko ndipo zotsatira zinafalitsidwa mu 2010. Kenako kafukufuku wa ZEPHIR, wotsogoleredwa ndi Géraldine Gebhart ku Brussels, anaonetsa mu 2016 kuti mwa amayi 56 amene labotale inati khansa yawo ili ndi HER2, 29 pa 100 aliwonse zotupa zawo sizinatole trastuzumab mokwanira, ndipo amenewa T-DM1 anasiya kuwathandiza msanga. Umboni umenewu ndi wamphamvu, ndipo pa funso loti ndi zotupa ziti m'thupi zimene zikulandira mankhwala, PET yapambana. Koma PET siona zinthu zochepera mamilimita angapo, ndipo m'kadontho kamodzi ka chithunzi chake muli maselo mamiliyoni. Chotupa chikhoza kuwala bwino pa PET pomwe mankhwala onsewo ali pa gawo limodzi mwa magawo khumi a maselo. Kuti udziwe zimenezo, ufunika utoto ndi maikulosikopu. Choncho njira ziwirizi zimayankha mafunso osiyana, ndipo n'chifukwa chake ofufuza ena amamatirira zonse ziwiri pa antibody imodzi.

Chotsutsa chimene ndimachiona kuti ndi cholemera kuposa zonse chimachokera pa chipambano cha mankhwala atsopano, trastuzumab deruxtecan kapena Enhertu, a Daiichi Sankyo ndi AstraZeneca, amene anavomerezedwa kumapeto kwa 2019. Antibody imodzi imanyamula tizigawo ta poizoni pafupifupi 8, poyerekeza ndi 3 kapena 4 ta T-DM1, ndipo poizoni wake akamasuka amatha kutuluka m'selo n'kulowa m'maselo oyandikana nalo. Pa kafukufuku wa DESTINY-Breast03, amayi olandira mankhwalawa anakhala miyezi 28.8 matenda asanapitirire, pomwe olandira T-DM1 anakhala miyezi 6.8. Pa DESTINY-Breast04, wa mu 2022, wa amayi 557 amene zotupa zawo zinali ndi HER2 wochepa, amene kale ankauzidwa kuti mankhwala a HER2 si awo, nthawi ya moyo inafika miyezi 23.4 poyerekeza ndi 16.8 ya olandira mankhwala wamba. Ku France, kafukufuku wa DAISY anapeza zotupa zikuchepa mwa amayi pafupifupi 30 pa 100 aliwonse amene labotale sinaone HER2 n'komwe. Munthu angafunse kuti, ngati poizoni amadzifalitsa yekha, tivutikiranji kudziwa kumene antibody yaima? Funsoli ndi labwino, koma ndikuona kuti likulimbikitsa mbali yanga. Mankhwalawa apambana mwa zina chifukwa athetsa vuto lomwe lija la kufalikira, ndipo ofufuza a ku Japan anaonetsa mu 2021, pogwiritsa ntchito timadontho towala, kuti antibody imakhala m'zigawo za HER2 pomwe poizoni amafikanso m'zigawo zopanda HER2. Ku Dana-Farber ku Boston, amayi analandira T-DM1 ndi antibody ina ya HER2 yotchedwa pertuzumab opaleshoni isanachitike, ndipo mwa amene zotupa zawo zinali zosakanikira, zigawo zina zokhala ndi HER2 zina zopanda, palibe ndi mmodzi yemwe amene chotupa chake chinatheratu, pomwe mwa enawo chinatheratu mwa 55 pa 100 aliwonse. Kusiyana kwa T-DM1 ndi trastuzumab deruxtecan, mwa zina, ndi nkhani ya kumene poizoni amafika.

Ndipo poizoni woyendayenda ali ndi mtengo wake. Pa DESTINY-Breast04, amayi pafupifupi 12 pa 100 aliwonse olandira trastuzumab deruxtecan anadwala kutupa kwa mapapo, ndipo ena anamwalira nako. Ngati mbali ina ya mphamvu ya mankhwalawa imachokera kwa poizoni womasuka m'malo ena osati pa selo lolingidwa, tiyenera kudziwa, chifukwa zimenezi zikukhudza mulingo umene mayi ayenera kulandira komanso mayi amene sayenera kulandira n'komwe. Panopa chosankhira ndi kupaka minofu mankhwala n'kupereka mamalikisi a 0, 1+, 2+ kapena 3+, njira imene inapangidwa kuti izindikire HER2 wochuluka osati wochepa. Ofufuza a ku Yale atapereka zidutswa zomwezo kwa akatswiri 18 oyeza minofu, anapeza mu 2022 kuti pa kusiyanitsa 0 ndi 1+ anagwirizana pa zidutswa 26 zokha pa 100 zilizonse. Mayi akhoza kupatsidwa kapena kumanidwa mankhwala malinga ndi katswiri amene anali pa ntchito tsiku limenelo. Kuyeza kuwala ndi makina, kumene kumapereka nambala m'malo mwa kuyerekeza kwa diso, ndi imodzi mwa njira zimene zingakonze zimenezi.

Pa nkhani yogwiritsa ntchito utotowu ngati nyali ya dokotala wa opaleshoni, kumene kuli ndalama zambiri ndi phokoso lambiri, ine ndine wosamala kwambiri. Vuto lilipodi: ku America, pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu amene achotsedwa chotupa chokha n'kusiya bere amabwereranso ku opaleshoni chifukwa m'mphepete munatsala khansa. Mu 2018 gulu la ku Groningen linanena za amayi 26, ndipo mwa 8 amene m'mphepete munali khansa, kamera inaona kuwala mwa 7. Zimenezi n'zolimbikitsa, koma anthu 8 ndi ochepa. Utoto umene unavomerezedwa ndi FDA mu April 2024 pa opaleshoni ya bere, pegulicianine kapena Lumisight, si antibody, ndipo pa kafukufuku wake unathandiza kupeza khansa yotsala mwa amayi 27 pa 357. Unawalanso pa minofu yambiri yopanda khansa, imene inachotsedwa pachabe, ndipo uli ndi chenjezo lakuti ukhoza kuyambitsa kukomoka koopsa kwa thupi losagwirizana nawo. Tisaiwale kuti mu 2014 mabungwe a madokotala a ku America atangogwirizana kuti mphepete yopanda khansa pamzere wa inki yopakidwa kunja kwa chotupa chochotsedwa ndi yokwanira, maopaleshoni obwereza anatsika popanda kugula kamera iliyonse. Palibe umboni panopa woti kuunika ndi antibody yowala kumachepetsa kubwerera kwa khansa kapena kutalikitsa moyo, ndipo mpaka umboniwo utapezeka, lusoli likhale la m'kafukufuku.

Wowerenga wa ku Lilongwe, Chipata kapena Tete ali ndi ufulu wofunsa ngati zonsezi zikumukhudza. Bungwe la WHO likuti mu 2022 amayi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere padziko lonse ndipo 670,000 anamwalira. Kafukufuku wa ABC-DO, amene anachitika ku Zambia, Namibia, Nigeria, South Africa ndi Uganda, anapeza kuti theka lokha la amayi linali moyo patatha zaka zitatu chipezekereni ndi matendawa, makamaka chifukwa chofika mochedwa ndi kusalandira chithandizo chokwanira. Kwa amayi amenewa chofunika ndi namwino woyeza mawere pa chipatala chaching'ono, zotsatira za labotale zobwera m'masabata osati miyezi, ndi mankhwala opezeka mosadukiza. Boma limene lingagule kamera ya utoto likusowa zipangizo zoyezera HER2 lingakhale litalakwira amayi ake. Komabe kafukufukuyu amatikhudza m'njira ina. WHO inaika trastuzumab pa mndandanda wa mankhwala ofunikira mu 2015, ndipo mu December 2019 inavomereza mtundu wake woyamba wotchipirapo, pa nthawi imene woyambirira ankadula madola pafupifupi 20,000. Milingo ndi utali wa nthawi ya mankhwala oterewa kawirikawiri zimakhazikitsidwa popanda umboni woti ndiye zoyenera kwambiri. Kafukufuku wa PERSEPHONE ku Britain, wa amayi oposa 4,000, anaonetsa mu 2019 kuti miyezi 6 ya trastuzumab inapereka zotsatira zoyandikana kwambiri ndi miyezi 12. Ngakhale FDA inayambitsa ntchito ya Project Optimus mu 2021 povomereza kuti chizolowezi chopereka mulingo waukulu umene thupi lingapirire chiyenera kuunikidwanso. Dziko losauka ndi limene limapindula kwambiri zikadziwika kuti mulingo wakutiwakuti wadzaza kale chotupa ndipo wowonjezera ukungowononga ndalama ndi thupi.

Khansa ya m'mawere ili ndi mwayi umene makhansa ambiri alibe. Pakati pa tsiku limene mayi wauzidwa za matenda ndi tsiku la opaleshoni pamakhala masabata angapo, ndipo chotupacho chimachotsedwa ndithu, kaya pali kafukufuku kaya palibe. Mayi wovomera mwaufulu, atalongosoleredwa zoopsa zake, akhoza kulandira mulingo umodzi wa mankhwala atsopano osakaniza ndi autoto pang'ono masiku ochepa opaleshoni isanachitike, ndipo chotupa chake chingaonetse kuti antibody inafika pati, poizoni anafika pati, ndi maselo ati amene anawonongeka. Odwala makumi ochepa okha akhoza kuyankha funso limene panopa limayankhidwa mongoganizira pambuyo poti amayi mahandiredi alandira mulingo wosayenera. Kuti zimenezi zitheke, makamera a m'zipatala zosiyanasiyana ayenera kuyezedwa ndi muyeso umodzi, chifukwa lero nambala ya kuwala ya ku Groningen singafanizidwe mwachindunji ndi ya ku Stanford. Makampani ayenera kulola kuti mankhwala awo amatidwe utoto ndi kuti zotsatira zifalitsidwe ngakhale zitaonetsa kuti mankhwalawo amathera m'mbali mwa mitsempha. Ndipo ofufuza ayenera kutsatira amayiwo kwa zaka, kuti tidziwe ngati amene zotupa zawo zinawala mofanana paliponse ndi amenenso khansa sinawabwerere. Ngati kugwirizana kumeneku sikudzapezeka, ndiye kuti kufika kwa mankhwala si kumene kukupha amayiwa, ndipo ndalama za kafukufuku zidzayenera kupita kwina.